LICHERO LA FILIMU: ZIMENE TIMACHITA KWATHU MWEZI UKAWALA

Ndabweranso ndi uthenga wautali, koma amene bandulo yanu yatsala pang'ono musadandaule, mulibe vidiyo muno, ndi mawu okhaokha. Sabata yatha ndinaika chithunzi cha lichero pa status ndipo anthu angapo anandifunsa kuti kodi kwanu kunali chinkhoswe? Wina mpaka anati makaniko wasiya sipanala wayamba zophikaphika. Kunalibe chinkhoswe. Linali tsiku la filimu pakhomo pathu basi. Ndiye poti mwafunsa, ndifotokoze bwinobwino mmene timakonzera lichero limenelo ndi chifukwa chake, mwina wina angatolepo kanthu.

Inu akumtunda mwina simudziwa kuti ife kuno ku Senga Bay kalendala yathu yeniyeni ili kumwamba. Usipa umaphedwa usiku ndi magetsi. Siginala amapita ndi bwato lake, amayatsa nyali, usipa umasonkhana pa kuwalako, kenako maboti amazinga ndi chilimira. Koma mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imawala, usipa sulabadira nyali ya munthu, umangomwazikana. Masiku amenewo maboti ambiri amagona kumtunda. Chimodzimodzinso mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi. Ndiye ganizani: alovi onse ali padoko, ndalama za masabata awiri zili m'thumba, ntchito palibe. Usiku wa choncho doko siligona. Nyimbo mbali iyi, kachasu mbali iyo, vidiyo sho yadzaza mpaka pakhomo.

Sindikunyoza eni mavidiyo sho ayi. Inenso ndinakulira momwemo, pa benchi ya thabwa, kuonera achaina akuulukirana pamadenga, womasulira akuikamo nthabwala zake. Vuto si filimuyo. Vuto ndi njira yobwerera kunyumba 10 koloko usiku, ndiponso munthu amene wakulipirira pakhomo. Tonse akunyanja tikudziwa mmene zimayambira. Mwamuna wamkulu ali ndi ndalama za usipa, wagulira kamtsikana tchipisi ndi Fanta, mawa wakalipirira filimu, mkuja nkhani yasintha. Atsikana angati amene tinali nawo Sitandade 7 amene sanafike Fomu 2? Aliyense awerenge yekha mumtima.

Ine ndili ndi mlongo wanga wamng'ono amene ali Fomu 1, ndi mng'ono wanga wa Sitandade 6. Amayi anayesa kukalipa, anayesa kutseka chitseko, koma mwana ukangomukaniza osamupatsa china amatulukira pawindo. Ndiye tinakhala pansi ine ndi achemwali anga aakulu n'kunena kuti, chimene anawa amatsata kumeneko n'chiyani kwenikweni? Zinthu ziwiri: filimu, ndi kakutafuna m'kamwa. Zonse ziwirizo tikhoza kuzibweretsa pakhonde.

Za filimu sizinavute. Mabatire amene amayatsa mababu a siginala amakhala akungogona mwezi ukawala. Ndimatchaja limodzi pa sola masana onse, kulumikiza ka invata, TV yaing'ono ija ya achemwali, fulashi yoikitsa mafilimu kumsika, zatheka. Chimene chinafuna nzeru ndi chakudyacho. Mukapatsa aliyense kambale kake, mwana amatha zake m'mphindi zisanu n'kuyamba kulira, wamkulu amachita manyazi kupempha zina, ndipo mbale zotsuka zimachuluka. Lichero limodzi lalikulu pakati ndiye linathetsa zonsezi.

*Lichero lenilenilo*

Tengani lichero lopetera lija, lalikulu, louma. Musaike chakudya pansungwi mwachindunji chifukwa mafuta akalowa m'lichero amayi sadzakukhululukirani, ufa wawo uzidzanunkha usipa mwezi wonse. Dulani masamba a nthochi, atsukeni, muwawambe pang'ono pamoto kuti afewe asang'ambike, kenako yalani. Nyuzipepala ayi, inki imamatirira pa zamafuta.

Ine ndikamasula injini ndimayala thumba pansi n'kuika chilichonse pamalo pake, mabawuti apa, mapulagi apa, za kabuleta pazokha, kuti ngakhale kude dzanja lidziwe popita. Lichero la filimu ndi chimodzimodzi, paja mukudyera mumdima maso ali pa TV. Chinthu chilichonse chikhale ndi dera lake ndipo chisasinthe malo mwezi ndi mwezi. Kwathu ngakhale agogo amene maso anayamba kuvuta amadziwa kuti mtedza uli kudzanja lamanja.

Lamulo langa ndi loti palichero pakhale mitundu inayi: chokhutitsa, chamchere, chotsekemera, ndi chowawasa. Mukasowa chimodzi mudzaona anthu akudzukadzuka kupita kukhitchini filimu ili mkati.

*Chokhutitsa*

Ichi ndiye maziko, chifukwa ana akunyanja sanamizidwa ndi mbuliwuli zokha. Ife timaika chinangwa chophika ndi mbatata. Koma tamverani apa, makamaka inu amene munakwatira kunyanja kuno kuchokera kwina: chinangwa chili pawiri. Chilipo chozuna ngati manyokola, chimene mumangosenda n'kuphika. Chiliponso chowawa cha kondowole, chimene chimayenera kuviikidwa m'madzi masiku angapo kuti poizoni wake achoke. Chimenecho musayerekeze kuchiphika chachiwisi n'kupatsa ana. Ngati mwagula pamsika ndipo mukukayika, funsani wogulitsayo kapena lawani kansonga, chowawa chimadziulula chokha palilime.

Chinangwacho phikani ndi mchere pang'ono, chisafike polobodoka, chotsani mtsitsi wapakati uja, dulani tizidutswa totalika ngati chala. Mbatata ife timakonda yootcha paphulusa la mbaula, kenako kusenda n'kuduladula. Ngati mafuta alipo, mbatata yokazinga m'chiwaya ndiye ana amaimbira m'manja. Zonsezi ziikeni pakati pa lichero chifukwa ndi zolemera, lichero lisapendekeke.

*Chamchere*

Apa ndiye pali ulemu wa nyumba ya msodzi. Usipa. Koma si usipa uliwonse. Wofutsa uja, umene unaviikidwa m'madzi owira usanayanikidwe pathandala, ndiye wabwino chifukwa suwawa ndipo sukhala ndi mchenga. Chotsani mitu, tsukani msangamsanga ndi madzi ofunda, muuyanike kanthawi kuti madzi achoke. Mukauponya m'mafuta uli wonyowa, mafuta amakuthovukirani kumaso ndipo usipawo umafewa m'malo mouma. Mafuta akhale ochepa, moto wapakati, muzitembenuza mpaka ufiire, woti ukamatafuna wapafupi azimva. Mchere muthire mutaphula.

Utaka, chambo, mcheni, zonsezo n'zokoma, koma palichero la filimu sizilowa. Minga mumdima si masewera. Mwana akatsamwa munga 9 koloko usiku, chipatala chili kutali, njinga yamoto mulibe, filimu yonse yasanduka maliro. Nsomba yaminga idyedwe masana ndi nsima, anthu akuona chimene akuika m'kamwa. Ngati mukufunadi nsomba yaikulu, tengani kampango kapena mlamba wowamba, muchotse mnofu wokhawokha kukadawala.

Mtedza wokazinga aliyense amati amautha, koma ambiri amaupsereza kunja mkati muli mwawisi. Moto ukhale wofatsa, mphika wouma, dzanja lisaime. Ukayamba kununkhira ndi kuthetheka makoko, sungunulani mchere m'madzi okwana masipuni atatu kapena anayi, wazani, pitirizani kutakasa mpaka madzi aume ndipo mtedza uoneke wotuwa. Mukatero mchere umagwira mtedza uliwonse, osati kungotsalira pansi pa mphika. Chenjezo limodzi: mwana wosakwana zaka zinayi asapatsidwe mtedza wathunthu kapena mbuliwuli, amatsamwa nazo. Ameneyo mupatseni nthochi ndi mbatata.

Mbuliwuli zimafuna chimanga chake chaching'ono chija chogula, chakumunda sichiphulika. Thirani mafuta ongokwanira kunyowetsa pansi pa poto, ponyanimo njere zitatu, vundikirani. Zitatuzo zikaphulika ndiye kuti mafuta afika. Thirani theka la kapu, vundikirani, muzigwedeza poto. Kuphulika kukayamba kutalikirana, phulani pomwepo, musadikire yomaliza. Theka la kapu limadzaza kabeseni, ndiye pa zinthu zonse za palichero ichi ndi chimene chimaoneka chambiri pa ndalama yochepa. Chimanga chogula chikasowa, kazingani chakumunda chouma, koma agogo muwaganizire mano.

*Chotsekemera*

Nthochi zimene zapsa kwambiri mpaka makoko kuda, zoti pamsika palibe angagule, ndizo za zitumbuwa. Zikanyeni, sakanizani ndi ufa wa mgaiwa mpaka zigwirane zoti n'kuumbika, kamchere pang'ono, shuga safunika. Koma muumbe ting'onoting'ono, toti kamodzi n'kulowa m'kamwa. Chitumbuwa chachikulu cha pamsika chija munthu akatenga chimodzi ndiye kuti wina wasowa. Ting'onoting'ono makumi atatu timaoneka ngati phwando, pamene ufa wake ndi womwewo wa zikuluzikulu khumi.

Zipatso zimatsata nyengo. Disembala ndi mango, ndipo muwadule kale, osapatsa ana mango athunthu pamkeka. Nthawi yozizira ndi manachesi ndi nzimbe. Nzimbe zisendeni n'kuzidula timagawo tating'ono, ndipo pambali pakhale kabeseni kolavuliramo, apo ayi m'mawa nyerere zidzakuyenderani ndi abale awo onse. Zipatso zamadzi ngati mango ndi papaya zisakhudzane ndi mbuliwuli kapena usipa. Ziikeni m'kambale kapena pa tsamba lake lopinda. Madzi ndi zokazinga zili ngati madzi ndi petulo m'thanki, dontho limodzi laononga zonse.

*Chowawasa*

Ichi anthu ambiri amachiiwala, komatu ndi chimene chimapangitsa kuti mafuta asakukole. Dulani mandimu awiri panayi panayi, ikani pafupi ndi usipa. Konzani kasaladi ka tomato ndi anyezi wodula mopyapyala, mchere ndi ndimu, m'kambale kakuya. Tsabola wa kambuzi akhale payekha, kunja kwa lichero, kumbali ya akuluakulu. Mwana akagwira kambuzi n'kudzitikita m'maso, palibe amene adzamve mawu a filimu. Malambe ndi bwemba nazonso zimalowa apa, ana amatha ola lathunthu akumung'unya malambe osapempha china.

Chakumwa ndi thobwa, kapena madzi a malambe othira shuga pang'ono, kapena Sobo tsiku limene thumba lalola. Ndipo apa ndilankhule ngati makaniko: chigubu chimene chinalowapo petulo kapena oyilo chisasungirepo chakumwa, ngakhale mutachitsuka kakhumi ndi mchenga. Pulasitiki imamwa fungo ndi poizoni wake. Kunyanja kuno zigubu zimafanana, ndiye cha thobwa chimangeni kansalu pachogwirira kuti chidziwike. Nafenso amene timagwira girisi tsiku lonse, tisambe m'manja ndi sopo kawiri, kenako tipake khoko la ndimu. Beseni la madzi ndi sopo lizungulire aliyense filimu isanayambe, chifukwa manja khumi akulowa malo amodzi, ndipo matenda a m'mimba kunyanja kuno tonse tikuwadziwa.

Zina zing'onozing'ono: lichero lisakhale pafupi kwambiri ndi TV chifukwa kuwala kumaitana tizilombo, ndipo tsiku la nkhungu mudzadya nkhungu musanafune. Koyilo ya udzudzu ikhale kutali ndi chakudya. Ngati mwaitana anzanu achisilamu, ndipo kuno ndi theka la mudzi, palichero pasapezeke chimene iwo sadya. N'chifukwa chake usipa ndi mfumu, sufunsa kuti umapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu.

*Kagawidwe*

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Akuluakulu amati chimachepa n'chovala, chakudya sichichepa. Ndi zoona, koma pokhapokha pali wina woyang'anira. Mukangoika lichero pansi n'kuwasiya, wamanja aatali ndi wopanda manyazi ndi amene amakhuta. Kwathu timachita zitatu. Choyamba, sitiika zonse nthawi imodzi. Theka limatsala kukhitchini lovundikira, limatuluka filimu ikafika pakati. Chachiwiri, lichero limazungulira. Mng'ono wanga ndiye woyendetsa, pakapita kanthawi amalitembenuza pang'ono ngati chiwongolero kuti amene anayang'anizana ndi chinangwa naye aone usipa. Chachitatu, agogo ndi kamwana ka achemwali timawapatulira zawo zofewa patsamba tisanayambe, chifukwa awiriwa sangapikisane ndi anyamata.

Ndipo pamkeka pathu pamakhala anyamata awiri a m'boti la abambo, ochokera kutali, amene amagona m'kachisakasa kudoko. Amayi ndi amene ananena kuti aziitanidwa. Anati, "Amenewanso ali ndi amayi awo kwinakwake. Mukawasiya kudoko ndi ndalama m'thumba, mawa mudzakawatola m'ngalande." Mmodzi mwa iwo tsopano sabwera chimanjamanja, amabweretsa nzimbe kapena kabotolo ka mafuta. Palibe anamuuza.

Amene anandidabwitsa ndi abambo. Inu mukudziwa mmene tinakulira: abambo amadya paokha pampando, kapena ndi anyamata aakulu, amayi ndi atsikana kukhitchini. Ine mpaka ndinamaliza Fomu 4 ndisanaonepo abambo akupisa dzanja mbale imodzi ndi mlongo wanga. Miyezi iwiri yoyamba ankakhala pampando wawo chapatali, akusoka ukonde ndi tochi, akuti mafilimu ndi zinthu za ana. Amayi ankawapatulira zawo m'mbale. Mwezi wachitatu ndinaika The Boy Who Harnessed the Wind, ija ya 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi n'kupanga makina amphepo ndi zitsulo zotola. Poyamba tinkaseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor amene akusewera ngati bambo ake a William, paja munthuyo anachita kuphunzira. Abambo anamva kusekako n'kukokera mpando pafupi kuti amve okha.

Kenako filimu inafika pa njala. Banja lija likugwirizana zoti lizidya kamodzi patsiku. Pamkeka panangoti zii. Ndinaona manja onse achoka palichero, ngakhale mng'ono wanga amene sasiya kutafuna. Abambo anatsika pampando n'kukhala pamkeka, n'kunena kuti, "Imitsa kaye." Ndinaimitsa. Anatiuza za 2002, ine ndili wakhanda kumsana. Anati anthu ankatsika kuchokera kumtunda wapansi, atanyamula mbale, mipando, zitenje, kudzasinthitsa ndi kambale ka usipa kapena makaka. Ena ankadya gaga, ena zitsa za nthochi. Anati nyanja ndi imene inatisunga ife, ndipo amayi ankaphika mphika waukulu kuposa banja lathu chifukwa madzulo aliwonse pakhomo pankapezeka mlendo wosamudziwa. Zimenezi anali asanatiuzepo. Atamaliza anatenga kachidutswa ka chinangwa palichero, n'kukankhira licherolo kwa mlongo wanga, amvekere, "Idya mwanawe, chakudya sachiyang'ana." Ndiye anandiuza kuti ndipitirize.

Pamene William ankapempha njinga ya bambo ake kuti aidule apangire makina aja, bamboyo akukana, abambo anga anandiyang'ana n'kuseka pang'ono. Paja nawonso ankafuna ndilowe m'boti ngati iwo, za masipanala ankati ndi ulesi. Sananene kanthu, inenso sindinanene kanthu. Koma m'mawa mwake anandiitana kuti ndikamvere injini yawo ya 15 ija imene inkatsokomola, ndipo anaima pambali nthawi yonse akundipatsira zida.

Kuyambira pamenepo mpando uja sutulukanso tsiku la filimu. Mwezi wotsatira anachita kufunsa okha ngati ilipo ina ya kuno kwathu, ndiye ndinawapezera The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah. Imeneyo tinaonera akuluakulu okhaokha ana atagona, ndipo anatsutsana nayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma sanadzuke. Ichinso ndi chofunika: filimu muyambe mwaionera nokha musanaike pamaso pa ana ndi makolo. Za m'fulashi zogula kumsika zimabwera zosakanikirana, musadzachite manyazi pamaso pa apongozi.

Wina afunsa kuti zonsezi ndalama zake zingati. Kunena zoona zimene timagula ndi mafuta ophikira, chimanga cha mbuliwuli ndi shuga basi. Usipa ndi wa m'boti, chinangwa ndi mbatata n'zakumunda kwa amayi, nthochi n'zakuseri kwa nyumba, mandimu timapempha kwa aneba n'kuwabwezera usipa. Mukawerengera zimene ana awiri ndi anyamata awiri aja akanaononga kudoko usiku umodzi, lichero ndi lotchipa. Inu a m'tauni amene mulibe boti kapena munda, musakopere zathu ndendende. Yang'anani chimene chatchipa pamsika wanu sabata imeneyo, bola mitundu inayi ija ikwane. Ngakhale zigege, mtedza, nthochi ndi ndimu, lichero lakwana.

Sindikunena kuti lichero limalera mwana. Mlongo wanga akadali mtsikana, doko likadali pomwepo, ndipo amuna a ndalama za usipa sanasamuke. Koma masiku atatu kapena anayi amene mwezi umawala kwambiri, amene ndi masiku oopsa kuno, ndimadziwa pamene ali. Ali pamkeka, akukangana ndi mng'ono wake kuti ndani watha zitumbuwa. Tsopano amabweranso ndi anzake awiri, ndipo amayi awo amadzawatenga okha filimu ikatha, nthawi zina n'kukhala nawo pansi kuonera yachiwiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndiye mwezi ukubwerawu yesani. Simufunika TV yaikulu, ngakhale laputopu kapena foni yoimika pa njerwa imagwira ntchito ngati muli ochepa. Amene muli ndi njira ina yokazingira mtedza kapena chinthu china chimene chimayenda bwino palichero, lembani pagulu pompano tiphunzire. Amene muli ndi mafilimu abwino oti n'kuonera ndi makolo, tiuzeni mayina. Ndipo inu eni maboti, masiku a mwezi omwewo ndi nthawi yabwino yosinthira oyilo wa giya ndi kuona mapulagi, musadikire injini ikakuzimireni pakati pa nyanja 2 koloko usiku. Mukudziwa pondipeza.

Tumizani kwa wina amene ali ndi ana kunyanja.